PHINDU LA KUKONZEKERA PHUNZIRO: MAWU KWA APHUNZITSI ATSOPANO

Awa ndi mawu amene anayankhula mmodzi wa mamembala athu, yemwe amagwira ntchito ku Unduna wa za Maphunziro ku Lilongwe, pa msonkhano wathu wa pachaka umene unachitikira mu holo ya sukulu yathu pa Boma la Mchinji. Tawasindikiza monga momwe anawayankhulira, popeza anzathu amene analephera kubwera anapempha kuti awawerenge.



Bambo Wapampando atandiimbira lamya kuti ndidzayankhule lero, ndinawafunsa kuti ndidzanena chiyani pamaso pa anthu amene anandiona ndikulima chibalo kuseri kwa holo ino. Iwo anati: "Chaka chino sukulu yathu yalandira aphunzitsi atsopano, ndiponso ambiri mwa ife tili ndi ana kapena abale amene angoyamba kumene uphunzitsi. Inu munagwirapo choko musanapite ku Capital Hill. Mudzawauze chinthu chimodzi chimene mukadakonda kuti wina akuuzeni tsiku lanu loyamba." Sindinavutike kuchipeza chinthucho. Ndi chaching'ono, ndipo ena mukachimva museka. Ndikunena za kukhala pansi madzulo ndi kulemba chikonzekero cha phunziro la mawa, chija aphunzitsi amangochitchula kuti lesoni pulani. Inu amene simuli aphunzitsi musagone, chifukwa kumapeto ndili ndi pempho kwa inu.

Ndiyambe ndi kuulula. Ndinayamba kuphunzitsa mu Januwale 2004, nditangotuluka ku Chancellor College ku Zomba ndi digiri ya uphunzitsi wa masamu. Ananditumiza pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, ya CDSS, m'boma lathu lomwe lino, chakufupi ndi malire. Dzina lake ndilisunga, chifukwa cholakwa chimene ndikufuna kunena chinali changa, osati cha sukuluyo. Mukumbukira kuti masukulu amenewa kale anali a MCDE, ndipo atasandulika ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ambiri mwa aphunzitsi ake anali ochokera ku pulayimale. Tsono pa aphunzitsi tonse, wa digiri ndinali ndekha, ndipo ndinafika ndi matama osaneneka. Ku koleji anatiphunzitsa kulemba chikonzekero, ndipo pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa ndinkalemba ndithu, chifukwa aphunzitsi athu ankabwera kudzapereka malikisi. Koma nditangolandira kalata ya ntchito ndinati mumtima: munthu amene wakhoza masamu a ku Chirunga angavutikenso kulemba pulani ya masamu a Folomu 1?

Kaphunzitsidwe kanga kanali kotere. Belu likalira ndinkanyamula buku ndi choko, n'kumatsegula bukulo ndili m'njira yopita ku kalasi. Ndikalowa ndinkalemba chitsanzo n'kuchiwerengera ndekha mofulumira, nkhope ili ku bolodi, msana uli kwa ana. Ndikatembenuka ndinkafunsa m'Chingerezi ngati amva, onse n'kuyankha pamodzi kuti inde, monga tinkachitira ifenso m'makalasi ali apowa. Masiku ena zonena zinkandithera patangopita mphindi 20 mwa mphindi 40 za piriyodi, ndiye ndinkadzaza nthawi ndi nkhani za ku Zomba. Masiku ena belu linkandipeza ndili pakati pa samu, ana asanagwireko n'komwe cholembera. Phokoso likabuka kumbuyo ndinkati ana a kumudzi ndi amwano. Sindinkadziwa kuti mwana amene sunamupatse chochita amadzipezera yekha chochita.

Pakutha pa teremu yachiwiri ndinapereka mayeso, ndipo mafunso ambiri anali a ratio, masamu aja ofanizira chiwerengero china ndi chinzake. Mwa ana oposa 60, amene anakhoza sanakwane khumi. Ndinalowa m'chipinda cha aphunzitsi ndi mapepalawo ndikudandaula mokweza kuti ana a kuno ndi ouma mitu. Onse anangoti zii. Koma mayi ena achikulire, amene ankaphunzitsa Chichewa ndi za ulimi, anati: "Aphunzitsi, tikaweruka mundidikireko pang'ono." Anzathu atapita anandiyandikira nati: "Achimwene, mundikhululukire, ine sukulu yanga ndi yochepa. Koma ndifunseko, kope lanu la chikonzekero lili kuti?" Ndinayankha kuti zonse zili m'mutu. Iwo anati: "Zili m'mutu mwanu, inde. Nanga m'mitu ya anawo mwalowa zingati?"

Mbiri ya mayi amenewa ndi mbiri ya aphunzitsi ambiri a dziko lino. M'chaka cha 1994, boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a ku pulayimale, chiwerengero cha ana asukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ine ndinali mu Sitandade 8, ndipo ndikukumbukira ana a makalasi aang'ono atasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene anali asanapiteko ku koleji, n'kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe, basi n'kuwapatsa choko. Mayiwa anali mmodzi wa iwo. Anayamba ndi Sitandade 2 ya ana oposa 100, bolodi lotsamiritsa pa mtengo. Ku koleji anapita patadutsa zaka, kudzera mu ndondomeko ya MIITEP imene inayamba mu 1997, momwe aphunzitsi ankakhala ku koleji pafupifupi miyezi itatu, kenaka n'kubwerera kusukulu zawo kukapitiriza maphunziro akugwira ntchito. Anandiuza kuti miyezi yoyamba ankafika kunyumba mawu atasasa, n'kumaganiza zongosiya. Amene anawapulumutsa anali mphunzitsi wamkulu wina wokalamba, amene ankawakhazika pakhonde pake madzulo aliwonse kuti alembere limodzi phunziro la mawa.

Tsiku limenelo anatsegula kabati n'kutulutsa makope asanu ndi limodzi a chikuto cholimba, omangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Tsamba lililonse linali phunziro limodzi. Chimene chinandigwira mtima chinali pansi pa tsamba, pamene ankalembapo ndi inki yofiira phunziro likatha. Pena panalembedwa kuti: "Gawo ili ana sanamve, chaka cha mawa ndibwere ndi mbewu zenizeni." Pena: "Atsikana sanayankhe, mawa ndiyambe ndi iwo." Pena: "Nthawi inachepa, ndigawe pawiri." Ndinaona kuti mayiwa, chaka ndi chaka, ankadziphunzitsa okha uphunzitsi, pamene ine ndinali nditaima pomwe ananditsitsa basi ya ku Zomba.

Anati kwa iwo chikonzekero ndi mafunso anayi basi, mizere ndi timabokosi n'zongothandizira. Loyamba: ana angawa akudziwa chiyani kale chimene ndingayambirepo? Lachiwiri: belu likamalira, akhale atatha kuchita chiyani ndi manja awo kapena pakamwa pawo? Lachitatu: adzasokonekera pati? Lachinayi: ndidzadziwa bwanji kuti amvadi, osati kungoyankha inde? Kenaka anatenga mapepala anga aja n'kutulutsa la mnyamata wina wa benchi yakumbuyo, wamkulu kuposa anzake, amene anapeza malikisi ochepetsetsa. Anandifunsa ngati ndikudziwa chimene mnyamatayo amachita Loweruka. Sindinkadziwa. Anati amathandiza amalume ake kusintha ndalama pa chipata cha Mwami. "Munthu wosintha kwacha ya Malawi ndi kwacha ya Zambia m'mutu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akumukuwiza uku ndi uku, osasokoneza ngakhale kamodzi, inu mukuti sangamve ratio?"

Ndinachita manyazi, koma paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Teremu yachitatu isanatsegulidwe ndinagula kope pa Boma pano, ndipo usiku wina ndinayatsa nyali n'kukhala pansi. Phunziro la mphindi 40 linanditengera maola awiri kulemba. Lolani ndikufotokozereni, chifukwa ndimalikumbukirabe. Mphindi zisanu zoyamba ndinalemba kuti ndisatsegule buku ayi, ndingofunsa m'Chichewa kuti kwacha yathu imodzi ikugula makwacha angati a ku Zambia. Nthawi imeneyo inali cha m'ma 40, pakuti Zambia inali isanachotse maziro atatu pa ndalama yake, zomwe inadzachita mu 2013. Mphindi khumi zotsatira ana aziyankha pakamwa: munthu ali ndi K250 yathu, alandira zingati? Tayala la njinga ku Chipata likugulidwa 30,000 ya kumeneko, ndi ndalama zingati zathu? Pambuyo pake ndilembe pabolodi 1 : 40, ndi kuwauza dzina lake m'Chingerezi monga adzalipeze pa mayeso. Mphindi 15 agwire ntchito awiriawiri pa funso la mtedza: ndowa zingati za wosaswa zimatulutsa ndowa imodzi ya woswa? Ndinalembanso pamene ndinkaganiza kuti adzasokonekera, ndiko kutembenuza manambala, kuika ya Zambia pamalo pa ya Malawi. Mphindi khumi zomaliza aliyense ayankhe yekha mafunso atatu m'kope mwake, ine ndikuyendayenda.

Amayi ndi abambo, nditangofunsa funso loyamba lija, mkono umene unakwera msanga unali wa mnyamata wa kumbuyo uja, amene kwa materemu awiri sindinamvepo mawu ake. Ndisanamalize kunena za K250 anali atayankha kale kuti 10,000. La tayala anati K750, n'kuwonjezera kuti pamenepo amalume ake sanadyepo kanthu. Pa mtedza kalasi inagawikana, ena ankati ndowa zitatu, ena zinayi, ndipo anakangana ngati ali pa msika wa Kamwendo, mpaka tinagwirizana zitatu kuti samu itheke. Nditalemba 1 : 40 pabolodi, mnyamata uja anaimirira nati: "Sala, ndiye ratio yanu ija ndi imeneyi basi? Bwanji simunanene kale?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, koma funsolo linandilasa, chifukwa yankho lake ndinkalidziwa: sindinanene kale popeza ndinali ndisanakhalepo pansi kuganizira za iye.

Koma si onse amene anaona tsiku limenelo. Panali mtsikana wina wa benchi yakutsogolo, wakhama, amene ankakopera chilichonse chimene ndinkalemba pabolodi ngakhale sankachimva. Teremu yachitatu sanabwerenso. Ndinamva kuti makolo ake ataona lipoti anati ndalama za fizi zikungowonongeka, ndipo pasanathe chaka anakwatiwa ku esiteti ina ya fodya. Sindinganene kuti masamu anga okha ndiwo anamuchotsa pasukulu, pakuti umphawi unalipo ndipo njira inali yaitali. Koma malikisi amene makolowo anaona ndinalemba ndine, ndipo theka la kulephera kumeneko linali langa. Madzi akatayika sawoleka. Aphunzitsi atsopano, inu muli ndi zaka zambiri zoti muphunzire ntchito, koma mwana amene ali pamaso panu ali ndi chaka chimodzi chokha mu kalasi imeneyo. Sangadikire kuti inu mukhwime.

Tsono ndinene phindu limene ndinapeza, poti ndilo ndaitanidwira. Loyamba ndi mtima kukhala m'malo. Mphunzitsi watsopano aliyense amaopa, ngakhale amene amayenda monyang'wa ngati ine. Amaopa funso limene sangathe kuyankha, amaopa kuti zonena zimuthera. Ukakonzekera, samu iliyonse umakhala utaiwerengera kale kunyumba, ndipo ngati pali polakwika umapapeza uli wekha, osati pamaso pa ana 60. Maso ako amachoka pa buku n'kupita pa nkhope za ana, ndipo m'pamene umayamba kuona amene wasochera.

Lachiwiri ndi nthawi. Chikonzekero chimakukakamiza kusankha chinthu chimodzi choti ana atuluke nacho. Mphunzitsi wosakonzekera amafuna kunena zonse zimene akudziwa, koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ukagawa mphindi papepala umaona wekha kuti ukuyankhula kwambiri, ana akugwira ntchito pang'ono. Ndipo maphunziro a tsiku ndi tsiku akamatsata sikimu ya teremu, silabasi imatha nthawi yake. Mayeso a MANEB safunsa kuti munalekezera pati.

Lachitatu ndi bata m'kalasi. Ndinadabwa kuona kuti ana amwano aja anasowa. Anali omwewo, koma tsopano aliyense anali ndi chochita kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza. Phokoso lambiri m'kalasi limabadwa pa mphindi zija mphunzitsi akufufuza tsamba kapena watuma mwana kukatenga choko. Ana amazindikira msanga mphunzitsi amene wabwera wokonzeka, ndipo ulemu umene amamupatsa sufanana ndi mantha a chibalo. Inu nomwe ndinu mboni. Tikakumana chonchi, aphunzitsi amene timawatchula mwaulemu si aja ankakalipa kwambiri, koma aja ankalowa m'kalasi akudziwa kumene akutitengera.

Lachinayi ndi mzere wofiira uja wa pansi pa tsamba. Kulemba ndamanga phunziro likatha kumatenga mphindi ziwiri, koma ndi koleji imene siitha. Chaka changa chachiwiri ntchito inapepuka ndi theka, popeza kope la chaka choyamba linkandiuza pamene ana anakakamira ndi chitsanzo chimene chinagwira ntchito. Phunziro limene linkanditengera maola awiri linayamba kunditengera mphindi 20. Kulemera kwa ntchitoyi kuli poyamba pokha, monga kuswa mphanje. Munda ukalimidwa kamodzi, chaka chinacho khasu limalowa mosavuta.

Lachisanu ndinaliona nditadwala malungo n'kugonekedwa masiku angapo. Mnzanga wina, amene sanali wa masamu n'komwe, anatenga kope langa n'kupitiriza ndi ana pomwe ndinalekezera. Zimene zili m'mutu zimagona nawe m'chipatala, koma zimene zili m'kope zimapita ku kalasi. Ndipo lomaliza ndinalizindikira nditasiya choko n'kulowa mu ofesi. Kukonza msonkhano, kulemba lipoti, kupempha ndalama za ntchito inayake, zonsezi ndi mafunso anayi omwe aja: anthuwa akudziwa chiyani, ndikufuna tifike pati, chingavute n'chiyani, ndipo tidzadziwa bwanji kuti tafika. Luso limene landithandiza kwambiri pa ntchito ya boma ndinaliphunzira kwa mayi amene ankati sukulu yawo ndi yochepa.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima: "Bwana akuyankhula chonchi chifukwa amakhala mu ofesi ya magetsi." Simukulakwa. Mphunzitsi wa ku pulayimale amakhala ndi maphunziro ambiri pa tsiku limodzi, kalasi ya ana 100 kapena kuposa, makope oti achonge, nyumba yopanda magetsi, ndiponso dimba loti athirire chifukwa malipiro safika kumapeto kwa mwezi. Sindingamuuze munthu wotere kuti alembe masamba atatu pa phunziro lililonse. Ndingomuuza kuti theka la tsamba loganiziridwa bwino limaposa masamba atatu okopera. Ngati nthawi yachepa, yambani ndi phunziro limene mukuliopa kwambiri. Ngati pasukulu muli awiri a kalasi imodzi, gawanani, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pa misonkhano ya ku TDC pitani ndi makope anu, musinthane, musamangopita kukasaina.

Ndinenenso za matenda amene ndawaona pa zaka zimene ndakhala ndikuyendera masukulu. Pali makope a mitundu iwiri. Lina ndi loyera, lolembedwa bwino, mizere yowongoka, ndipo ndamanga ya tsiku lililonse imati phunziro linayenda bwino. Kope lotere limalembedwa usiku umodzi, mphekesera ikamveka kuti a PEA kapena oyendera masukulu akubwera. Lina ndi lakuda ndi choko, lofufutidwafufutidwa, ndipo pena palembedwa kuti "lero ndalephera". Ine ndikaona lachiwirili ndimadziwa kuti ndapeza mphunzitsi. Amene amalembera woyendera sukulu amatopa pachabe, chifukwa woyenderayo amabwera mwa apo ndi apo, pamene ana amabwera tsiku lililonse. Nafenso oyendera tili ndi mlandu pamenepa, pakuti nthawi zina timawerenga masiginecha ndi madeti m'malo mokhala kumbuyo kwa kalasi kuona ngati ana akumva. Aphunzitsi akuluakulu, mukamasaina makope a achinyamatawa, muzifunsako funso limodzi la phunzirolo. Asamaone siginecha yanu ngati msampha.

Masiku ano zinthu zapepukako kusiyana ndi nthawi ya mayi aja. Mabuku a mphunzitsi ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi amalongosola zambiri, ndipo chiyambire ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu 2016, mabuku a makalasi oyambirira amaonetsa phunziro sitepe ndi sitepe. Pa lamya za m'manja, m'magulu a WhatsApp, aphunzitsi amatumizirana zikonzekero zolembalemba kale. Zonsezi n'zabwino, ndipo muzigwiritse ntchito. Koma amene analemba buku ku Domasi sadziwa kuti m'kalasi mwanu muli mwana wosintha ndalama pa Mwami, kapena kuti nthawi yokumba mtedza theka la kalasi limajomba, kapena kuti mtsinje ukadzaza ana a kutsidya amafika piriyodi yoyamba itatha. Buku limakupatsani njira, koma ana amene muyende nawo mukuwadziwa ndinu. Werengani phunzirolo dzulo lake, muliyese pakamwa, musonkhanitse zipangizo. Ku koleji anakuphunzitsani za TALULAR, kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga, makatoni ndi dongo sizifuna ndalama, koma zimafuna munthu amene anaganiza dzulo kuti mawa zidzafunika.

Tsopano pempho langa kwa inu anzanga a m'bungwe. Chaka ndi chaka timasonkha ndalama za penti, mabenchi ndi mphoto za ana okhoza bwino, ndipo zimenezi zipitirire. Koma ndikupempha komiti iganizire zinthu zitatu zotsika mtengo. Choyamba, mphunzitsi aliyense watsopano akafika pasukulu pano, bungwe lathu limulandire ndi makope awiri a chikuto cholimba, zolembera zofiira ndi zabuluu, ndiponso nyale ya sola, kuti magetsi akazima asasowe poonera. Chachiwiri, pakati pathu pali aphunzitsi opuma pantchito amene akukhala pa Boma pompano. Ndikuwaona ena akhala kutsogoloku. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngati aliyense atapereka masana amodzi pa mwezi kukhala ndi mphunzitsi mmodzi watsopano, osati kudzamuyesa koma kulembera naye limodzi phunziro, tidzakhala tamupatsa khonde lija limene linapulumutsa mayi aja. Chachitatu, ife amene ana athu kapena abale athu ayamba uphunzitsi kumasukulu akutali, ku Mkanda, ku Kapiri kapena kwina kulikonse, tikawaimbira lamya tisamangofunsa za malipiro. Tiziwafunsanso kuti mawa aphunzitsa chiyani, ndipo ayamba bwanji. Munthu akafotokozera mnzake phunziro lake, theka la chikonzekero latha.

Kwa inu aphunzitsi atsopano amene mwakhala pambalipo, sindikulonjezani kuti kope lidzakukwezani pantchito msanga, kapena kuti wina adzakuthokozani. Mnyamata wa pa Mwami uja sanakhale dokotala kapena injiniya ayi. Anakhoza JCE, anamaliza Folomu 4, ndipo lero amagula ndi kugulitsa soya ndi mtedza. Ndinakumana naye pa depoti chaka chathachi, bambo wa ana atatu, imvi zitayamba. Za ratio sananene chilichonse. Anangondigwira mkono nati: "Sala, tsiku lija la makwacha ndi limene ndinadziwa kuti inenso ndine mwana wasukulu." Ana ake onse atatu ali pasukulu. Phindu lake ndi limenelo, ndipo mtengo wake unali maola awiri ndi palafini wa mu nyali.

Mayi aja anapuma pantchito ndipo ali kumudzi kwawo. Dzina lawo sinditchula, chifukwa angandikalipire. Ndikapita kukawaona, moni ukangotha amafunsa akuseka kuti: "Achimwene, kope lili kuti?" Tsono kuti ndisadzasowe choyankha, pepala limene ndagwirali ndi chikonzekero cha mawu a lerowa. Bambo Wapampando anandipatsa mphindi 20, ndipo ndikuona pa wotchi yawo kuti ndadyako ziwiri za eni. Mzere wa pansi, wa ndamanga, ndausiya wopanda kanthu. Mundiuze pa nkhomaliro zoti ndilembepo, ndipo musandinyengerere.